Timadontho Titatu pa Kandodo ka Kilatchi

Mlamu wanga Binisoni Banda ndinadana naye tsiku loyamba kumuona, ndipo iyenso sanavutike n'kubisa kuti sandifuna. Anamwalira kalekale, ause mumtendere komwe aliko, koma mpaka lero ndikamva njinga yamoto ikungolira pachitunda osasuntha, nkhope yake imandibwerera ndipo malovu amawawa m'kamwa.

Anali masiku a Chitaganya, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkagwira ntchito m'shopu ya makina pa kamgodi kena ku Battlefields, kupatsira mzungu masipanala ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Mzungu ameneyo anali wamisala ndi mpikisano wa njinga zamoto za m'thengo, zija zothamanga m'matope ndi m'miyala, ndipo Lamulungu lililonse ankanditenga kuti ndizikamugwirira zida. Atagula yatsopano anandisiyira yakale, ya nthawi ya nkhondo, ili zidutswazidutswa m'mabokosi awiri. Ndinaimanga ndekha. M'shopu mwathu munali lamulo lakuti chitsulo chenicheni chochokera kufakitale uzichidinda ndi ponchi, kuti chisasakanikirane ndi zitsulo zosulasula. Chidindo changa chinali timadontho titatu. Mapuleti a kilatchi, magiya, ngakhale manati akuluakulu, zonse zinali ndi timadontho tanga.

Mkazi wanga Nabanda anali atapita kukachira kwa mchimwene wakeyo, amene ankayendetsa thirakitala pa famu ina kufupi ndi Hatile, komwe ana a masiku ano mukuti Chegutu. Anabadwa mwana wamkazi, Lonesi. Ndinakamuona kamodzi ali ndi masabata atatu, ndipo ndinalonjeza kuti njinga ikatha ndidzabwera kudzawatenga ngati anthu, osati pamwamba pa lole ya chimanga. Njinga inachedwa kutha. Itatha inafuna kuyesedwa, itayesedwa mzungu anali ndi mpikisano, mpikisano utatha tcheni chinafuna china. Inakwana miyezi khumi ndi umodzi. Ndinkatumiza sopo ndi shuga, musaganize kuti ndinali chilombo.

Lachisanu lina masana ndinapeza Binisoni atakhala pakhomo panga pakomboni, jekete lili pathupi kutentha konseko. Madzi amene ndinamupatsa sanamwe.

"Alamu, ndabwera kudzakuuzani, sindinabwere kudzakufunsani," anatero. "Mawa sitima ya thu koloko pa Hatile ikunyamula mlongo wanga ndi mwana. Akupita kumudzi ku Dedza. Amayi aitanitsa mbumba yawo."

"Mwana wanga apite kumudzi ine osavomera?"

"Wanu? Kwathu mwana ndi wakuchikazi, mukudziwa bwinobwino. Inu munabereka, zikomo, ntchito yanu inathera pomwepo." Anasasa fumbi pabondo. "Koma ine si wankhanza. Ngati muli ndi mawu, mukawanene kwa mwini wake sitima isananyamuke. Akati akukhala, ine sindimukoka dzanja."

Ndikanatha ndikananyamuka nthawi yomweyo, koma ndinali ndi shifiti ya madzulo, chitupa chaulendo ndinalibe, ndipo njinga za mpikisano zilibe nyali. Ndinabwerera kuntchito, komwe ndinakapemphanso chitupacho, n'kumusiya munthuyo m'nyumba mwanga. Njinga inkagona m'nyumba momwemo, pamalo pomwe Nabanda ankayala mphasa. Uchitsiru wanga unayambira pamenepo.

Tinanyamuka Loweruka kutangocha, iye atakhala pa thumba lopindapinda kumbuyo kwanga. Kuchokera ku Battlefields kukafika ku Hatile ndi ulendo wa maola awiri kwa munthu woyenda mwaulemu, ndiye mumtima ndinkati naini koloko ndikhala ndikumwa tiyi ndi mkazi wanga. Msewu wa nthawi imeneyo unali timizere tiwiri ta phula, pakati ndi m'mbali muli fumbi lokhalokha. Mukakumana ndi galimoto, lamulo linali lakuti aliyense atenge mzere umodzi, koma mzungu wa lole akaona wakuda pa njinga yamoto ankatenga yonse iwiri. Kawiri konse tinalowa m'tchire tisanafike pa mtsinje wa Muzvezve, ndipo kawiri konseko Binisoni anatukwana ine, osati wa loleyo.

Titawoloka mtsinje, pokwera chitunda, injini inakuwa koma njinga inayamba kufooka. Ndikawonjezera moto inkangolira kwambiri, matayala osalabadira. Kilatchi inali kuterereka. Ndinaima, n'kugwira chogwirira chake cha kudzanja lamanzere, ndipo ndinadabwa. Chogwirira cha kilatchi chimafuna kasewero pang'ono waya asanayambe kukoka, mpata woti ndalama ya tiki ilowe chammbali. Ukalimbitsa kuposa apo, mapuleti a m'kati sagwirana bwino ndipo mphamvu ya injini imathera m'njira. Changa chinali gwa, chopanda ndi kasewero komwe.

"Ine sindisiya waya wolimba chonchi," ndinatero ndekhandekha.

"Ndiye mkazi wachiwiri uja ameneyu?" anatero Binisoni ali chiimire pamthunzi. "Wayamba msanga kukana."

Ndinamasula waya mpaka pothera penipeni, kasewero kanabwerera pang'ono, tinapitirira.

Titatsala pang'ono kulowa m'Gatuma, Kadoma wa leroyu, tinapeza apolisi atatchinga msewu. Wapolisi wachishona anatenga zitupa zathu, n'kuizungulira njinga kawiri.

"Iwe muBhurandaya, waiba kuti ichi?" Ndi mmene ankatitchulira anthu a ku Nyasalande, ngati tonse tinabadwira ku Blantyre.

Ndinamupatsa kalata ya mzungu wanga yosonyeza kuti njinga ndi yanga. Anaigwira chadodolido, kenako n'kutembenukira kwa Binisoni, kumufunsa ngati akundidziwa ndiponso ngati njingayo ndi yangadi. Mawu amodzi okha akanatimasula.

"Ine ndangokwezedwa panjira, mambo," anatero mlamu wanga, maso ali pansi ngati munthu wa kutchalitchi.

Anatikhazika padzuwa mpaka sajeni wachizungu atabwera kudzawerenga kalatayo. Linatha ola lathunthu ndi theka. Ndinkamuyang'ana Binisoni, iye akutong'ola mano ndi kaudzu, ndipo ndinkalakalaka nditamubaya ndi sikuludilaiva pakhosi. Ndikunena zoona, mtima umenewo ndinali nawo.

Titalowa m'tauni kilatchi inasintha matenda. M'mawa inkaterereka, tsopano inayamba kukana kulekanitsa. Ndikakoka chogwirira mpaka kugunda chala, njinga inkapitabe, magiya akukukuta ngati galu pafupa. Pa njanji inazima. Ndinaikankha ndekha kudutsa tauni yonse, m'mphepete mwa msewu chifukwa pakhonde la masitolo sitinkaloledwa, mlamu wanga akubwera pambuyo manja ali m'matumba a jekete. Pansi pa mtengo wina kuseri kwa msika ndinaigoneka chammbali, n'kutsegula.

Kilatchi siichita matenda awiri otsutsana tsiku limodzi popanda chifukwa. Ndinatulutsa mapuleti limodzilimodzi, onse anali ndi timadontho tanga. Masipuling'i anali omwe aja. Kenako ndinasolola kandodo. M'kati mwa kilatchi mumadutsa kandodo kachitsulo, kotalika kuposa chikhatho, konenepa ngati pensulo yaing'ono. Ukakoka chogwirira, ndi kameneko kamakankha mapuleti kuti alekane. Kenikeni kamakhala kosalala, konyezimira, kolimba kunsonga moti tupa silikadya. Kamene kanatuluka m'manja mwanga kanali kakuda, kodulidwa ndi sowo mokhota, nsonga yake itaphwanyika ngati bowa ndiponso itapsa. Sindinafunikire ngakhale kufufuza timadontho. Chinali chidutswa cha chitsulo chofewa, chija amapangira mageti a pafamu. Wochidulayo anachitalikitsa dala, n'chifukwa chake m'mawa chinkatsekereza mapuleti, ndipo chitatentha n'kudyeka chinafupika n'kuleka kukankha.

Ndinaimirira pang'onopang'ono. Pakomboni pathu panalibe mageti otero. Munthuyu anachidula kufamu kwake, n'kuyenda nacho m'thumba ulendo wonse wodzandiuza kuti iye si wankhanza.

"Alamu, kandodo kanga kali kuti?"

"Kandodo kanji?"

Ndinamugwira pakhosi pa jekete, n'kumugunditsa kumtengo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo n'kutizungulira. Iye sanakweze ndi dzanja lomwe.

"Menyani, alamu," anatero motsitsa mawu. "Menyani ndithu. Mukagone kuselo, sitima ipite bwino."

Ndinamusiya. Ndinamufunsanso komwe anaika kandodoko.

"Ndinakaponya m'chimbudzi cha pakomboni panu. Bwererani mukavuule."

Ndinathamangira ku galaja ina ya azungu. Ife tinkagulira pa kazenera ka kuseri, pafupi ndi migolo ya oilo wakutha. Ndinaima pamenepo kalaliki akutumikira azungu atatu amene anabwera pambuyo panga, ndipo atabwera sanachigwire n'komwe chitsulocho. Anati zida za njinga za nkhondo amaitanitsa kumzinda waukulu wa Sozibele, ndidzabwere pakatha masabata awiri, n'kutseka kazenerako ndisanatseke pakamwa.

Nditabwerera kumtengo kuja, basi ya ku Hatile inali itaima pamsika, kondakitala akuitanira anthu, masheleni awiri munthu mmodzi. Nthawi inali kuthamangira leveni koloko. Binisoni anandilozera ndi mlomo.

"Basi iyo. Siyani chitsulo chanuchi pano, mukwere. Thwelofu koloko mukhala muli ndi mkazi wanu."

Apa ndiye pamene ndimafika ndikamasimba nkhaniyi n'kufuna kudumpha, koma sindidumpha. Ndinayang'ana basi, ndinayang'ana njinga yanga ili chigonere, mapuleti ali pa thumba, anyamata a pamsika ataizungulira maso ali pa magineto, kamakina kopereka moto ku injini. Ndinadziwa kuti ndikaisiya ndidzapeza mafupa okhaokha. Ndinadziuza kuti ndi msampha wina wa mlamu wanga, akufuna nditaye zonse ziwiri. Ndinadziuzanso kuti ndinalonjeza kukawatenga pa njinga, osati pa basi. Basi inanyamuka ine ndikulongedza mapuleti m'thumba.

Binisoni anaseka kamodzi, kuseka kwa m'mphuno.

Ndinakankha njinga mpaka kulokeshoni, kwa mkulu wina wokonza njinga zakapalasa, aMbewe, mtchona wa ku Ntcheu amene anali ndi mbaula ndi vaisi yopanira zitsulo. Sanandilandire bwino. Anati anyamata a pamgodi timadziona ngati azungu, timakumbukira anthu akwathu pokhapokha zikativuta. Ndinameza zonsezo. Pomaliza anatulutsa m'chitini chidutswa cha chitsulo cha dirilo woboolera, cholimba bwino, koma tupa lake anakana kundisiyira ndekha, anakhala pambali panga kuliyang'anira ngati ndithawa nalo.

Kutalika kwa kandodo kanga ndinkakudziwa pamtima, chikhatho changa chonse ndi zala zitatu. Ndinadula, ndinapala nsonga zonse ziwiri mpaka zitasalala, ndinaziwotcha pambaula mpaka zitafiira ngati tsabola, n'kuzinyika mu oilo kuti zilimbe. Thukuta linkagwera pamakala. Nditabwezera zonse m'malo mwake ndinayamba kutchera. Kilatchi siitcheredwa mwaphuma ngakhale nyumba ikupsa. Umayamba wamasula waya yense. Kenako umamanga kasikuluu ka pakati mpaka kangokhudza kandodo, n'kukabweza theka la kuzungulira, n'kukatsekera ndi nati. Waya amabwera pomaliza. Ndinatulutsa tiki m'thumba, n'kuiyesa pachogwirira. Inalowa bwinobwino, osagwa, osakakamira.

Nditaliza injini nthawi inali itadutsa wani koloko. Binisoni anakwera kumbuyo osaitanidwa. Ndinafuna kumugwetsa ndi chigongono, koma ndinkamufuna, chifukwa mawu a mkamwini pa za mwana sapita patali mwini mbumba palibe.

Kuchokera ku Gatuma sindinayendenso paphula. Ndinatsikira m'kanjira ka ngolo ka m'mbali mwa msewu, komwe kulibe lole yokukankha, ndipo njinga ija inachita zimene inabadwira. Tinkadumpha mizere ya madzi, tinkaboola mchenga, minga ikutikwapula m'miyendo. Kilatchi inkagwira ngati yatsopano. Mlamu wanga, amene m'mawa monse ankanyansidwa kundikhudza, anandikumbatira m'chiuno, nkhope ataibisa pamsana panga, akuitana amayi ake. Ndinakondwa, sindibisa. Ndinkasankha dala mabampu akuluakulu.

Njanji imayenda limodzi ndi msewu umenewo. Tili pakati pa ulendo ndinamva kulira kwa sitima kumbuyo, ndipo nditacheuka ndinaona utsi wake pamwamba pa mitengo. Inatipeza pamene kanjira kathu kanatsekedwa ndi waya wa famu, ine ndikufunafuna polowera kumsewu. Mabogi anadutsa limodzilimodzi ndikuwaona. Kuyambira pamenepo sindikumbukira mitengo kapena milatho, ndikukumbukira fumbi ndi utsi uli patsogolo panga.

Tinafika pa siteshoni ya Hatile sitima itaima kale, injini yake ikumwa madzi. Njinga ndinaigwetsa pansi osaimika, koyamba chiimangireni. Mabogi athu anali kumapeto kwenikweni, kopanda denga la pulatifomu. Ndinathamanga ndikusuzumira zenera lililonse, mpaka ndinamuona Nabanda atakhala pabenchi ya matabwa, duku lobiriwira kumutu, mwana ali pamiyendo.

Ndinalowa ngati mphepo. M'bogimo munali modzaza, mitolo, nkhuku, ana pansi, ndipo ndinadumpha zonsezo osayang'ana. Ndinali ndi oilo mpaka m'zigongono. Moni sindinapereke. Ndinamutsomphola mwanayo pamiyendo pake n'kumukumbatira pachifuwa.

"Mwana wanga sapita kulikonse," ndinatero mokweza kuti bogi yonse imve, ndi Binisoni yemwe amene anali atafika pakhomo. "Nabanda, tsikani. Ndabwera kudzakutengani."

Mwanayo analira mokuwa. Mayi wina amene anawerama kumanga mtolo pabenchi ya kutsogolo anadzuka n'kundigwira mkono.

"Bambo inu, mwana wanga mukupita naye kuti?"

Ndinamuyang'ana mayiyo, ndinayang'ana mwanayo. Kansalu kamene anamukulunga kanali katagwa. Anali mwana wamwamuna.

Mayiyo anandilanda mwana wake, akupukuta oilo amene ndinamupaka pamsana. Nabanda sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Ndinangowagwirira kuti amange katundu," anatero. "Lonesi ndi uyo mwamudumphayo."

Ndinacheuka. Pakati pa mitolo panali kamwana kataima katagwira benchi, kovala diresi lachikasu, kakundiyang'ana ndi maso akuluakulu. Polowa ndinali nditakakankha ndi bondo. Sindinkadziwa n'komwe kuti kanayamba kuima. Ndinagwada, n'kutambasula manja anga akudawo, koma kanabwerera chafutambuyo n'kukabisala m'chitenje cha amake.

Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti mtolo wa Nabanda sunali pamwamba pamodzi ndi ya anzake. Unali pansi, pafupi ndi khomo, dengu lili pamwamba pake.

"Katundu wanga sindinamukweze, bambo a Lonesi," anatero. "Chifikireni m'mawa ndakhala ndikuyang'ana kumsewu. Basi ya thwelofu koloko itafika ndinaimirira, ndimati mwina mutsikamo." Anamunyamula mwanayo, n'kumukhazika pamiyendo, n'kutembenukira kukhomo. "Achimwene, ndikwezereni mtolowo pamwamba."

Ndinayankhula zambiri, za mpikisano, za apolisi, za chitsulo cha geti, za kuipa kwa mchimwene wake. Nabanda ankangomusisita mwana kumutu. Wembulo inalira, gadi anayamba kutseka zitseko, ndipo ndinapezeka ndili pansi pa miyala ya m'mbali mwa njanji. Zenera lawo linadutsa patsogolo panga. Nabanda sanasuzumire.

Sitima itazimiririka tinatsala awiri, ine ndi mdani wanga. Ndinalibenso mphamvu zomumenyera. Iye anapisa dzanja m'thumba la m'kati la jekete lija, limene sanavule tsiku lonse, n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'mpango. Kandodo kanga kaja sikanapite kuchimbudzi kulikonse. Kanayenda nafe ulendo wonse, kakundigunda pamsana pa mabampu aja.

"Tengani, alamu," anatero. "Aka kokha ndiye mumakadziwa."

Ndinkafuna kukaponya kutali, kuti aone kuti akunama. Koma kanangofika m'dzanja langa, kadakali m'mpango momwemo, chala changa chachikulu chinapita chokha pamene panali timadontho titatu.